Mutu 7: Opaleshoni ya Matumbo Yoboola Timabowo: Kodi Okalamba Amachira Nayo Bwanji?

Dokotala akanena kuti munthu wachikulire afunika opaleshoni ya m'mimba, nkhaniyo imasanduka mlandu wa banja lonse. Ana amaimbirana mafoni, wina ali ku Kitwe, wina ku Chipata, wina ku Joni. M'nyumba ya zipinda ziwiri ku Chawama kapena ku George mumadzaza achibale, ndipo sipalephera kupezeka wonena kuti, "Ambuya akula kale, mpeni sangaupirire. Tiyeni tizingowasamalira pakhomo." Wonena mawu amenewa si wankhanza ayi. Anaonapo nkhalamba ikulowa m'chipatala ndi miyendo yake, n'kutulukamo ndi bala loyambira pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo, osadzukanso pamphasa.

Manthawo ali ndi maziko. Komabe kuyambira mu 1991 madokotala akhala akudula matumbo odwala popanda kung'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tinayi kapena tisanu, n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali. Njirayi amaitcha laparoscopy. Zimene zapezeka m'mayiko amene aigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali n'zakuti okalamba ndiwo amapindula nayo kwambiri kuposa achinyamata. Mutu uno ukufotokoza chifukwa chake, malire ake, ndiponso zimene zimachititsa kuti agogo ambiri a m'makomboni a Lusaka asaipeze.

Zimene zimachitika m'chipinda cha opaleshoni

Wodwala amamugoneka tulo tofa nato ndi mankhwala, ndipo makina ndiwo amamupumira. Dokotala amaboola kabowo koyamba pa mchombo, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba mpaka itafufuma. Mpweyawo umakweza khungu ndi minofu ya pamimba kuti zitalikirane ndi matumbo, motero pamapezeka malo ogwiriramo ntchito. Pa kabowo komweko pamalowa kamera yokhala ndi nyali kumutu kwake, ndipo zonse za m'mimba zimaonekera pa sikirini zitakulitsidwa. Timabowo tinato timakhala ta mamilimita 5 mpaka 12. M'menemo ndimo mumadutsa zopanira, lumo ndi chipangizo chowotcha timitsempha kuti magazi asatayike.

Thumbo lalikulu la munthu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira kumunsi kwa mimba kudzanja lamanja, kukwera, kudutsa chopingasa, n'kutsikira kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. Ngati muli chotupa cha khansa, dokotala amamasula chigawo chodwalacho, kumanga mitsempha imene imachidyetsa magazi, n'kuchidula pamodzi ndi mafuta ndi anabele ozungulira, chifukwa khansa ikayamba kufalikira imayambira m'menemo. Chodulidwacho amachitulutsira pa bala la masentimita ochepa chabe. Kenako amalumikiza mbali ziwiri zotsalazo, monga pulambala amachitira akadula paipi yowola, pogwiritsa ntchito ulusi kapena makina okhoma timawaya ting'onoting'ono.

Choti tigwiritsitse apa n'chakuti ntchito ya m'kati ndi yofanana ndi ya opaleshoni yong'amba. Thumbo lodulidwa ndi lomwelo, polumikiza ndi pomwepo. Chosiyana ndi khomo lolowera.

Kumene njirayi inachokera

Mu 1901 dokotala wa ku Dresden, Georg Kelling, anasuzumira m'mimba mwa galu ndi kachipangizo koonera atapoperamo mpweya. Mu 1910 Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm anachita zomwezo pa anthu. Kwa zaka zambiri njirayi inali yongoonera matenda, makamaka a amayi. Mu 1980 Kurt Semm wa ku Kiel anachotsa apendikisi kudzera m'timabowo, ndipo madokotala anzake anamudzudzula kwambiri. Mu 1985 Erich Mühe anachotsa ndulu, ndipo Philippe Mouret wa ku Lyon anachitanso zimenezi mu 1987. Thumbo lalikulu linafikiridwa mu 1991, pamene Moises Jacobs ndi anzake ku Miami analengeza za odwala 20 oyamba.

Chisangalalo sichinakhalitse. Panayamba kumveka za odwala amene khansa inawamereranso pa timabowo pomwepo. Madokotala ambiri anabwerera m'mbuyo, akudandaula kuti mwina bala laling'onolo likugulidwa ndi moyo wa wodwala. Kuti mkanganowo uthe panafunika kafukufuku wamkulu, wogawa odwala m'magulu awiri mwa maere, gulu lina kuling'amba, lina kuliboola.

Zimene kafukufuku anapeza

Mmodzi mwa oyamba kutulutsa zotsatira zake anali wa ku Barcelona mu 2002, wa odwala 219. Mu 2004 kunatuluka wa ku United States ndi Canada wotchedwa COST, wa odwala 872 m'zipatala 48. Patatha zaka zitatu khansa inabwerera mwa odwala 16 pa 100 alionse amene anabooledwa, ndi 18 pa 100 amene anang'ambidwa, kusiyana kochepa koti sikungawerengedwe. Kumera kwa khansa pa bala sikunafike ngakhale wodwala mmodzi pa 100 m'magulu onse awiri. Obooledwa anatuluka m'chipatala patatha masiku 5, enawo 6, ndipo anafuna mankhwala ochepa opha ululu. Opaleshoni yoboola inkatenga nthawi yaitali, mphindi 150 poyerekeza ndi 95. Mu 2005 kafukufuku wa CLASICC wa ku Britain ndi wa COLOR wa mayiko a ku Ulaya anaonetsanso kuti njirayi siika wodwala pangozi yoposa ya kung'amba.

Nanga okalamba? Poyamba madokotala ankawapatula, poopa kuti mtima ndi mapapo awo sizingapirire mpweya wopoperedwa m'mimba kwa maola awiri kapena atatu. Koma gulu la madokotala ku Milan, mu 2008, linaunikanso odwala 535, ndipo 201 mwa iwo anali a zaka 70 kapena kuposa. Pakati pa achikulirewo, amene anang'ambidwa 37 pa 100 anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni, pamene obooledwa anali 20 pa 100. Ong'ambidwa anakhala m'chipatala masiku pafupifupi 13, obooledwa osakwana 10. Kwa odwala aang'ono kusiyana kwake sikunali kwakukulu chotere. Ku Yokohama, m'dziko la Japan, kumene kuli okalamba ambiri, kafukufuku wa mu 2014 anagawa odwala 200 a zaka 75 kupita m'tsogolo. Obooledwa anataya magazi ochepa ndipo anakumana ndi zovuta zochepa, ngakhale anakhalitsa pa bedi la opaleshoni.

Palinso nkhani ya ku Copenhagen. Mu 1995 gulu la Henrik Kehlet linachita opaleshoni yoboola pa okalamba asanu ndi atatu amene anali ndi matenda ena. Linawapha ululu bwinobwino, kuwapatsa chakudya msanga ndi kuwadzutsa kuti ayende. Odwalawo anakhala m'chipatala pafupifupi masiku awiri okha. Apa m'pamene panakulira dongosolo limene zipatala zambiri zimatsata lero: wodwala adye msanga, ayende msanga, ndipo timapaipi ta m'mphuno ndi ta mkodzo tichotsedwe msanga.

Kafukufuku yense ameneyu anachitikira m'zipatala zokhala ndi zipangizo zokwanira ndi anamwino ambiri, ndipo odwala ake anali okonzekeretsedwa, osati obwera usiku mimba itatupa. Mfundo imeneyi tidzaipezanso tikafika pa za Lusaka.

Chifukwa chake bala laling'ono limapulumutsa nkhalamba

Munthu wachikulire nthawi zambiri saphedwa ndi mpeni weniweniwo. Chimamutenga ndi chimene chimabwera atagona. Bala lalitali la pamimba limapweteka munthu akapuma mozama kapena akatsokomola. Ndiye wodwala amangopumira pamwamba, kutsokomola amakuopa, makhololo amaunjikana pansi pa mapapo, ndipo tsiku lachitatu kapena lachinayi chibayo chimalowa. Mnyamata wa zaka 30 chibayo amalimbana nacho. Agogo a zaka 78 chimawagwetsa.

Chachiwiri ndi kugona pabedi. Akatswiri a ku Arkansas mu 2007 anagoneka okalamba athanzi kwa masiku khumi osadzuka, ndipo anapeza kuti pa avereji munthu anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Amenewo anali athanzi ndi odya bwino. Minofu yotayika pa ukalamba imavuta kubwerera, ndipo n'chifukwa chake ena akatuluka m'chipatala sayendanso. Kugonako kumaundanitsanso magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuluma cha magazi chikathothoka n'kukatseka m'mapapo munthu amafa mwadzidzidzi.

Chachitatu ndi matumbo enieniwo. Akagwiridwagwiridwa ndi manja ndi kuikidwa pamtunda kwa maola, amaima osagwira ntchito kwa masiku angapo. Wodwala amatupa mimba, amasanza, sadya. Pa opaleshoni yoboola matumbo sagwiridwa kwambiri, choncho amadzuka msanga. Ululu ukachepa, mankhwala amphamvu opha ululu amachepanso, ndipo mankhwala amenewa ndi ena mwa zinthu zimene zimasokoneza mutu wa okalamba.

Kwa munthu wa mu komboni phindu limapitirira mpaka kunyumba. Taganizani za agogo obwerera ku Kanyama m'mwezi wa January, mvula ili pakati, madzi atasefukira m'njira, chimbudzi chili chokumba chofuna kunjuta, madzi osamba ali ogula pa mpopi wa pamsewu. Bala la masentimita 20 kapena kuposa, lofuna kutsukidwa ndi kumangidwa mwaukhondo, ndi katundu wolemera m'malo otere. Likalowa mafinya, ulendo wa ku kiliniki umakhala wa tsiku ndi tsiku. Ngakhale litapola, pa anthu khumi ong'ambidwa pakati pa mimba mmodzi kapena awiri amadzatuluka chophuka pa chipsera. Timabowo timapola msanga, ndipo mafinya salowamo kawirikawiri.

Zimene timabowo sitingasinthe

Njirayi ili ndi zolemetsa zake. Mpweya wodzaza m'mimba umakankhira mapapo m'mwamba ndi kupanikiza mitsempha yobwezera magazi ku mtima. Wina umalowa m'magazi, ndipo mapapo amayenera kuutulutsa. Pochita opaleshoni ya kumunsi kwa thumbo, bedi amalipendeketsa kuti mutu ukhale pansi, zimene zimawonjezera ntchito ya mtima. Kwa munthu wa mtima wofooka kwambiri kapena mapapo owonongeka, dokotala wogoneka odwala akhoza kunena kuti kung'amba n'kutha msanga ndiko kwabwino.

Zimachitikanso kuti opaleshoni yoyamba ndi timabowo imathera pa kung'amba. Mwina chotupa n'chachikulu kapena chamatirira ku ziwalo zina, mwina muli zipsera za opaleshoni yakale, mwina magazi ayamba kutuluka. Mu kafukufuku wa COST zimenezi zinachitika kwa odwala 21 pa 100, ndipo mu CLASICC kwa 29 pa 100, ngakhale ziwerengero zimatsika madokotala akazolowera. Banja likamva kuti "tinayamba ndi kamera koma tatsegula", lisaganize kuti dokotala walakwitsa. Wasankha moyo wa wodwala m'malo mwa kukongola kwa chipsera.

Ngozi yoopsa kwambiri pa opaleshoni ya matumbo ndiyo kudontha kwa polumikiza. Pakapanda kugwirana bwino, zonyansa za m'thumbo zimatayikira m'mimba n'kuyambitsa matenda oopsa. Ngozi imeneyi sichepa chifukwa choti mimba inabooledwa. Imakula ngati wodwala ali wowonda ndi wosowa zakudya m'thupi, wochepa magazi, wosuta fodya, kapena ngati polumikiza pali pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Pofuna kuipewa, nthawi zina dokotala amatulutsira thumbo pa khungu la pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba komatira. Kwa ena zimenezi ndi za miyezi yochepa, kenako thumbo amalibwezera. Kwa ena ndi za moyo wonse. Timatumbato n'todula ndipo sitipezeka paliponse, choncho banja liyenera kufunsa za ito opaleshoni isanachitike.

Ndipo timabowo sitisintha msinkhu umene khansa yafika. Chotupa chopezeka chikadali m'thumbo chimachiritsika mwa anthu ambiri. Chikafika ku chiwindi kapena ku mapapo nkhani imakhala ina, kaya munthu wabooledwa kaya wang'ambidwa.

Zaka kapena mphamvu?

Madokotala a masiku ano sayang'ana zaka zobadwa zokha. Pali ambuya a zaka 80 ku Mtendere amene amadzuka m'mamawa kukaoda ndiwo ku Soweto Market, kukwera minibasi okha, kusenza dengu. Palinso abambo a zaka 66 amene kuchoka pampando kufika pakhomo amapuma kawiri. Pa awiriwa, amene angapirire opaleshoni ndi a zaka 80 aja. Mu 2005 Kenneth Rockwood ndi anzake ku Halifax, m'dziko la Canada, anakonza muyeso wa kufooka kwa okalamba, umene lero uli ndi masitepe kuyambira 1 mpaka 9. Mafunso ake ndi a tsiku ndi tsiku: kodi munthuyu amayenda yekha? Amasamba ndi kuvala yekha? Amaphika, amapita kumsika, amasunga yekha ndalama zake? Wawonda posachedwapa? Amaiwalaiwala?

Mphamvu zimenezi zikhoza kuwonjezeredwa opaleshoni isanafike. Milungu iwiri kapena inayi yodikira tsiku si yongokhala. Wodwala aziyenda tsiku lililonse, ngakhale kuzungulira nyumba zoyandikana. Azidya zomanga thupi zimene banja lingakwanitse: mazira, kapenta, nyemba, soya, ndiwo zotendera, mkaka. Ngati magazi ndi ochepa, monga zimakhalira kwa ambiri a khansa ya m'thumbo, achipatala awakweze. BP ndi shuga zikhale pa mlingo. Fodya ndi mowa zilekedwe. Dokotala auzidwe za mankhwala onse amene wodwala akumwa, ma ARV, aspirin, ochepetsa kuundana kwa magazi, ngakhale azitsamba, popanda kubisa.

Njira ya wodwala mu Lusaka

Munthu wa ku George, Kalingalinga kapena Mtendere amayambira pa kiliniki ya m'dera lake. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa mothandizidwa ndi dziko la Japan kuti zichepetse khamu lopita ku University Teaching Hospital (UTH), ndipo zili ndi zipinda za opaleshoni. Koma nkhani ya chotupa cha m'thumbo imatumizidwa ku zipatala zazikulu, UTH kapena Levy Mwanawasa, chimene chinatsegulidwa mu 2011 m'mbali mwa msewu wa Great East. Ku UTH amaunika m'thumbo ndi kamera yolowera kumunsi, n'kutapa kanyama kokapima. Mankhwala a khansa ndi kuwotcha ndi makina ndi ntchito ya Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH pomwepo.

Opaleshoni yoboola ilipo mu Lusaka, m'zipatala zazikulu ndi m'zina zolipira, ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ndulu ndi pa matenda a amayi. Kudula thumbo lalikulu ndi ntchito yovuta kuposa pamenepo, ndipo odwala ambiri a matumbo amang'ambidwabe. Zifukwa zake n'zodziwika. Makina a kamera ndi opopera mpweya ndi odula, ndipo akawonongeka zokonzera zake zimachokera kunja. Makina olumikizira matumbo ambiri ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Zonsezi zimadalira magetsi osazima, ndipo chilala cha mu 2024, chimene chinaphwetsa madzi ku Kariba n'kusiya makomboni mumdima maola ambiri pa tsiku, chinaonetsa kufunika kwa majenereta odalirika. Pamwamba pa izi, dokotala amafunika kuchita maopaleshoni ambiri moyang'aniridwa asanazolowere, ndipo madokotala a opaleshoni ndi ochepa.

Zambia sinakhale chete pa nkhaniyi. Mu 2015, pa msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization ku Geneva, dziko lino ndilo linatsogolera mfundo yakuti opaleshoni ndi gawo la chithandizo chimene munthu aliyense ayenera kupeza, ndipo Dr Emmanuel Makasa anagwirapo ntchito yaikulu. Mu 2017 boma linakhazikitsa dongosolo la zaka zisanu lotukula maopaleshoni, uchembere ndi ntchito yogoneka odwala. Koleji ya COSECSA, imene inayamba mu 1999, imaphunzitsa madokotala a opaleshoni m'zipatala za m'chigawo chino. Pa nkhani ya ndalama, lamulo la mu 2018 linabweretsa inshuwalansi ya NHIMA, ndipo banja lililonse lichite bwino kuonetsetsa kuti achikulire ake analembetsa matenda asanabwere.

Komabe chopinga chachikulu sichili m'makina. Chili pa nthawi imene wodwala amafikira. Khansa ya thumbo lalikulu ndi yachitatu pa khansa zofala padziko lonse, ndipo imagwira anthu pafupifupi 1.9 miliyoni pa chaka. M'mayiko olemera anthu amayamba kupimidwa ali ndi zaka 45 kapena 50 asanamve kalikonse. Kuno timadalira zizindikiro, ndipo zizindikirozo timazipatsa mayina ena. Magazi m'chimbudzi timati ndi mudzi kapena kamwazi. Kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba timati ndi chakudya. Kuwonda ndi kutopa timati ndi ukalamba. Munthu wamkulu amachitanso manyazi kuuza mwana wake kapena mpongozi za kuchimbudzi. Miyezi imatha akumwa mankhwala ogula pa kantemba, mpaka tsiku limene thumbo limatsekeka.

Palinso vuto lina lofala kwambiri kuno ku Africa, makamaka kwa abambo achikulire: kupotana kwa chigawo chakumunsi cha thumbo lalikulu. Mimba imatupa mwadzidzidzi, mphepo ndi chimbudzi zimaleka kutuluka. Wodwala akafika msanga, madokotala amatha kulipotolola polowetsa kapaipi kumunsi, kenako n'kukonza tsiku lodula chigawo chotalikacho mosathamanga, popeza chikasiyidwa chimapotananso. Akachedwa, thumbo limafa chifukwa chosowa magazi. Pamenepo za timabowo palibenso. Mimba yotupa ilibe malo a kamera, ndipo wodwala wofooka sangadikire. Amang'ambidwa usiku womwewo, nthawi zambiri amadzuka ndi kathumba pamimba, ndipo mwayi womwalira umakhala waukulu kangapo kuposa pa opaleshoni yokonzekera.

Masiku a pambuyo pa opaleshoni

Mu 2018 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa maopaleshoni mu Africa, wotsogoleredwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town. Anatsatira odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'mayiko 25, kuphatikizapo Zambia. Odwalawo anali aang'ono ndi opanda matenda ambiri poyerekeza ndi a kumayiko ena, komabe pa maopaleshoni okonzekera mwayi wawo womwalira unali wowirikiza kawiri. Mwa amene anamwalira, 94 pa 100 sanafe tsiku la opaleshoni koma masiku otsatira, mu wodi. Vuto limayamba pang'onopang'ono, anamwino ndi ochepa, ndipo limadzazindikirika mochedwa.

Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Dokotala akatuluka n'kunena kuti zayenda bwino, ntchito ya wodikirira wodwala ndiye yayamba. Mwana kapena mdzukulu wogona pambali pa bedi ndiye amaona wodwala maola onse, ndipo akhoza kupulumutsa moyo akadziwa choyang'ana. Awathandize agogo kukhala tsonga ndi kuyenda pang'ono kuyambira tsiku loyamba ngati achipatala alola. Awakumbutse kupuma mozama ndi kutsokomola atagwirizira pilo pamimba. Awabweretsere magalasi a maso ndi mano awo oikirira, aziwauza tsiku ndi malo amene ali. Kupweteka kwa phewa tsiku loyamba kapena lachiwiri kusamuopse, n'kwa mpweya wotsalira m'mimba ndipo kumatha kokha.

Kudontha kwa polumikiza kumaonekera kwambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Popeza wobooledwa amatuluka msanga, kukhoza kumupeza ali kale kunyumba. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, mtima kuthamanga, kupuma mofulumira, ululu wa m'mimba womka nukula, kutupa, kusanza ndi kuchepa kwa mkodzo. Mwa okalamba thupi likhoza kusatentha n'komwe. Chizindikiro choyamba chimakhala mutu kusokonezeka: agogo amene dzulo amacheza bwino lero sakuzindikira mwana wawo, akubwebweta, akutchula anthu amene anamwalira kale, akufuna kuzula dripu, kapena angoti zii osadzuka. M'makomboni mwathu nkhalamba yolankhula zosamveka sichedwa kunenedwa kuti ikuulula za ufiti. Kumeneko n'kulakwira munthu wodwala. Kusokonezeka kotere pambuyo pa opaleshoni ndi matenda, ndipo kawirikawiri kumasonyeza kuti m'thupi mwalowa vuto lina. Wodwalayo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.

Kunyumba, agogo asanyamule ndowa ya madzi kapena thumba la makala kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ngakhale timabala tikuoneka topola. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, chifukwa kutsegula m'mimba kumafooketsa msanga munthu wodulidwa thumbo, ndipo kolera imene inavuta mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, inakantha kwambiri makomboni omwewa. Ngati kunjuta n'kovuta, mpando wobooledwa pakati woikidwa pa chimbudzi umathandiza. Zotsatira za chotupa chimene chinapita kokapimidwa zikatengedwe, chifukwa ndizo zimanena ngati pakufunika mankhwala a khansa.

Mafunso ofunsa dokotala

Banja lisachite mantha kufunsa, ndipo mwini thupi akhalepo pokambirana, chifukwa chosankha ndi chake. Kodi matendawa afika pati, ndipo opaleshoniyi ndi yochiza kapena yongochepetsa mavuto? Kodi ingatheke mwa kuboola, ndipo pa chipatala pano imachitika kawirikawiri? Ngati singatheke, chifukwa chake n'chiyani? Kodi pakhala kathumba pamimba, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo timatumbato tizikatipeza kuti? Tichite chiyani kuti wodwala alimbe tsiku lisanafike? Vuto likabuka usiku, tithamangire kuti? Nanga tikakana opaleshoni, chidzachitike n'chiyani?

Yankho likakhala lakuti pano timang'amba, banja lisataye mtima kapena kugulitsa nyumba pofunafuna timabowo. Opaleshoni yong'amba yochitidwa pa nthawi yake ndi dokotala woizolowera, wodwala n'kudzutsidwa ndi kudyetsedwa msanga, imachiza khansa mofanana ndi yoboola. Choopsa ndi kuchedwa. Ngati mayi anu, bambo anu kapena agogo anu aona magazi m'chimbudzi, ngati kachitidwe kawo ka chimbudzi kasintha kwa milungu yoposa itatu, kapena akuwonda ndi kuchepa magazi popanda chifukwa chodziwika, apititseni ku kiliniki sabata yomwe ino ndipo mupemphe kuti apimidwe m'thumbo. Mimba ikatupa, mphepo n'kuleka kutuluka, musadikire kuti kuche.